Oilo Wakuda ndi Chitsime cha Mnansi

Mwa ntchito zonse zimene mwini galimoto akhoza kudzichitira yekha pakhomo pake, yodziwika koposa ndiyo yosintha oilo wa mu injini pamodzi ndi fyuluta yake. Ntchitoyi siifuna zipangizo zambiri, siilanda nthawi yoposa ola limodzi, ndipo isunga m'thumba ndalama zimene zikadapita kwa makaniko. Mu mzinda wa Kabwe, umene uli pa mseu waukulu wochokera ku Lusaka kunka ku Kapiri Mposhi, anthu odziwa zitsulo sasowa. Pakuti mzindawo unakula ndi mgodi ndi njanji, ndipo likulu la Zambia Railways lili komweko. Ambiri a kumeneko anaphunzira kugwira sipanala poonera atate awo ndi amalume awo. Chifukwa chake si chachilendo kuona, tsiku Loweruka m'mawa, munthu wa ku Bwacha kapena ku Chowa atayala chiguduli pansi, nalowa kunsi kwa galimoto yake.

Imeneyi ndi ntchito yabwino, yoyenera kuitama. Koma itatha, pabwalo patsala beseni lodzala ndi oilo wakuda bii, wokwana ngati malita anai, pamodzi ndi fyuluta yakale yochucha. Pamenepo pabuka funso lalikulu kuposa galimotoyo: kodi ntchito ya munthu itha liti? Kodi itha pamene chinthu chake cha iye mwini chayera, kapena pamene uve umene wachotsamo waikidwa pamalo pamene sudzapweteka wina ali yense?

CHIFUKWA CHAKE OILO ADA

M'kati mwa injini muli zitsulo zimene zikhulana nthawi yonse imene galimoto ili kuyenda. Mapisitoni akwera ndi kutsika kokwana zikwi zingapo pa mphindi imodzi, moto ulikuyaka pamwamba pawo. Chimene chiletsa zitsulozo kudyana ndicho kakhungu ka oilo, kopyapyala koposa pepala, kamene kakhala pakati pawo. Oilo atereretsa zitsulo, atenga kutentha pamalo potentha napita nako kumalo kozizira, atsuka mwaye wotsala pakuyaka kwa petulo kapena dizilo, ndiponso aletsa dzimbiri. Pogwira ntchito zimenezi iye mwini adetsedwa. Alowedwa ndi mwaye, ndi tinyenyeswa ta chitsulo, ndi fumbi la mumseu, ndi madzi pang'ono, ndi mafuta amene sanapse. Ndipo mankhwala amene opanga anaikamo atha mphamvu pang'onopang'ono.

Fyuluta ndiyo sefa ya oilo. M'kati mwake muli pepala lolimba lopindapinda limene ligwira zinyalala, kuti oilo abwerere ku zitsulo ali woyera. Koma pepalalo likatsekeka ndi uve, pali kachitseko kena kamene katseguka kokha, kuti injini ingakhale yopanda oilo. Ndipo kuyambira pamenepo oilo azungulira wosasefedwa, atasenza mchenga wake wonse. Woyendetsa samva kanthu, ndipo saona kanthu. Galimoto iyenda monga kale, kufikira tsiku limene iyamba kufuka utsi ndi kugogoda.

Chifukwa chake opanga galimoto alemba m'buku la galimoto ili yonse mtunda umene oilo ayenera kuyenda, ndi mtundu wa oilo woyenera injiniyo. Manambala olembedwa pa chigubu, monga 20W-50, 15W-40 kapena 5W-30, ali ndi tanthauzo lake: yoyamba inena za kayendedwe ka oilo injini ili yozizira, yachiwiri inena za kulimba kwake injini itatentha. Kumene miseu ili yafumbi, monga m'makomboni ambiri m'miyezi ya August, September ndi October, eni galimoto ochenjera salindira nthawi yaitali. Ambiri asintha oilo pa makilomita 5,000 ali onse.

KACHITIDWE KAKE

Munthu wodziwa ntchito yake ayamba ndi kuliza injini mphindi zowerengeka, kuti oilo afunde ndi kuyenda bwino, koma osatentha kufikira kuwaula manja. Aimika galimoto pamalo posalala, nakoka handibuleki, natchinga matayala ndi miyala kapena zipika. Akaikweza ndi jeki, aichirikiza ndi zochirikiza zachitsulo kapena zipika zolimba za mtengo. Pakuti jeki yokha ikhoza kupulumuka, njerwa zikhoza kufumbutuka, ndipo galimoto yogwera pachifuwa cha munthu siimpatsa nthawi yofuula.

Atatero aika beseni kunsi kwa sampu, ndiko kunena chotengera cha oilo chimene chili kunsi kwa injini, namasula bawuti lotsekera, nalola oilo atsanuke kufikira angodontha. Pobwezera bawutilo aikapo washa watsopano, nalimanga molimba koma mosapyola muyeso, kuopa kuononga mazinga. Kenaka amasula fyuluta yakale, nayang'anitsa kuti mphira wake sunatsalire pa injini. Apaka oilo watsopano pang'ono pa mphira wa fyuluta yatsopano, naimanga ndi dzanja lokha. Pomwepo athira oilo watsopano monga mwa muyeso wa m'buku, naliza injini pang'ono, nasuzumira kunsi ngati pali podontha. Nazimitsa, nalindira kuti oilo atsike, nayesa ndi kachitsulo koyesera kamene ambiri akatcha dipisitiki. Oilo ayenera kukhala pakati pa zizindikiro ziwiri, pakuti wochuluka aononga monganso wochepa. Potsiriza alemba tsiku ndi makilomita m'kabuku, nasamba m'manja ndi sopo, osati ndi petulo. Pakuti oilo wakale akakhalitsa pakhungu kawirikawiri ali woopsa, ndipo opanga oilo eni ake achenjeza za khansa ya pakhungu.

M'zonsezi muli khalidwe lokoma. Alipo anthu amene atsuka galimoto tsiku ndi tsiku kuti inyezimire pamaso pa anzawo, koma boneti saitsegula chaka chathunthu. Wosamala oilo asamala chimene sichioneka, ndipo achita lero ntchito imene phindu lake lidzaoneka patapita zaka. Koma kuyenera kuzindikirika kuti khalidwe limeneli lili ndi mphotho yake pafupi. Wosamala injini asamala chuma chake. Wonyozera adzalipira yekha. Pa mbali imeneyi ya ntchito mwambi wa akulu uli woona ndithu, wakuti choipa chitsata mwini.

BESENI LOTSALA

Mbali yachiwiri ya ntchito ili yosiyana. Oilo amene ali m'beseni sadzabwereranso ku injini, ndipo kuli konse kumene adzatayidwa, galimoto idzayenda bwino chimodzimodzi. Tsono njira zomutayira zachuluka. Wina amtsanulira m'ngalande ya m'mbali mwa mseu. Wina akumba kadzenje kuseri kwa nyumba. Wina amthira m'chimbudzi, nati aletsa fungo ndi ntchentche. Wina amwaza pabwalo kuti fumbi ligone. Wina apaka nsichi ndi mapaso kuti chiswe chisadye, napaka galu wake wa mphere. Wina amthira pa zinyalala nayatsa moto, utsi wakuda nulowa m'nyumba za anansi. Ambiri a iwo si anthu oipa mtima. Ena ayesa kuti achita mwanzeru, posataya chinthu chimene chikhoza kuthandiza.

Koma oilo wakale saola msanga monga madeya kapena masamba. Akhala m'nthaka nthawi yaitali, pamodzi ndi zitsulo ndi mankhwala amene anatola mu injini. Mvula ikayamba m'mwezi wa November, madzi amnyamula, ena napita naye kudambo, ena natsika naye pansi. Dziko la Kabwe lili lathyathyathya, ndipo kunsi kwake kuli mwala wa mtundu wa laimu, wokhala ndi ming'alu ndi mapanga momwe madzi ayenda. Madzi ambiri amene mzindawo umwa atungidwa pansi pomwepo, ndipo m'makomboni mabanja ambiri adalira zitsime zosazama zokumba ndi manja. Bungwe la boma la America loyang'anira za chilengedwe linena kuti oilo wochokera m'galimoto imodzi, pa kusintha kumodzi kokha, akhoza kuipitsa madzi abwino oposa malita mamiliyoni atatu. Dontho limodzi liyala utawaleza pamwamba pa chidebe chonse, ndipo palibe mai amene angaphikire ana ake nsima ndi madzi onunkha galaja.

Apa mwambi uja ulephera. Choipa chimenechi sichitsata mwini. Chitsata kutsetsereka kwa nthaka. Chifika kwa munthu amene alibe galimoto, amene sanaone oiloyo alikutayidwa, ndipo sadzadziwa dzina la womutaya. Mbali yoyamba ya ntchito iyesa nzeru ya munthu, koma yachiwiri iyesa chilungamo chake. Ndipo chilungamo chiyesedwa bwino pamalo pamene palibe mphotho, palibe chilango, palibenso mboni.

PHUNZIRO LA MGODI

Palibe mzinda wina m'Zambia umene uyenera kumvetsa zimenezi koposa Kabwe. M'chaka cha 1902 wofufuza miyala dzina lake T. G. Davey anapeza mtovu ndi zinki pamalopo, ndipo malowo anatchedwa Broken Hill, potengera mgodi wina wotchuka wa ku Australia. Njanji inafika m'chaka cha 1906. Kuyambira pamenepo miyala inakumbidwa ndi kuyengedwa m'ng'anjo zaka zambirimbiri, kufikira mgodi unatsekedwa m'chaka cha 1994. Mgodiwo unapatsa anthu zikwi ntchito, unamangitsa nyumba, masukulu ndi zipatala. Ndipo poyesa ndi muyeso wake wa iwo wokha unagwira ntchito yake, pakuti chitsulo choyengeka bwino chinakwera sitima kunka kumaiko akutali. Koma zotsalira za m'ng'anjo sizinakwere sitima. Zinaunjikidwa pambali pa mzinda, matani mamiliyoni angapo, kufikira zinasanduka phiri limene anthu alitcha Black Mountain. Ndipo utsi wa m'ng'anjo unagwetsa fumbi la mtovu pa nthaka ya makomboni oyandikira.

Mtovu suola konse. M'chilimwe mphepo inyamula fumbi kunka nalo ku Kasanda ndi ku Makululu. Ana asewera m'dothi, naika zala m'kamwa monga achita ana onse a pa dziko lapansi. Mtovu ukalowa m'thupi la mwana uchepetsa magazi, uononga ubongo umene ulikukula, nuchititsa mwanayo kuvutika pa sukulu. Ndipo mai wapakati aupatsira mwana wosabadwa. Bungwe la zaumoyo la dziko lonse, WHO, linena kuti palibe muyeso wa mtovu m'magazi umene udziwika kuti uli wosavulaza, ndipo m'chaka cha 2021 linalangiza kuti mwana akapezeka ndi mamaikirogalamu 5 mu desilita imodzi ya magazi, gwero lake lifunidwe ndi kuchotsedwa. Akatswiri a University of Zambia pamodzi ndi anzawo a Hokkaido University ya ku Japan anayesa ana a ku Chowa, Kasanda ndi Makululu, nafalitsa zopeza zawo m'chaka cha 2015: ambiri a anawo anapyola muyeso umenewo kakhumi. Ndipo anawo anabadwa mgodi utatsekedwa kale.

Kuwola chimene chinamwazika kuli kovuta ndi kodula. M'chaka cha 2016 World Bank inavomera ngongole ya madola oposa mamiliyoni 60 yothandiza kukonza malo oonongeka ndi migodi m'Zambia, Kabwe ali pakati pa malowo. M'chaka cha 2020 mlandu unaperekedwa ku bwalo lalikulu la ku Johannesburg m'dzina la ana ndi akazi a ku Kabwe, wotsutsa kampani ya Anglo American South Africa, imene inali ndi gawo pa mgodiwo kuyambira 1925 kufikira 1974. Kampaniyo inakana kuti ili ndi mlandu. M'chaka cha 2023 bwalo linakana kuti mlanduwo upitirire monga wa gulu, ndipo odandaula anachita apilo. Kuweruza nkhani imeneyi ndi ntchito ya oweruza. Koma ali yense akhoza kuona chinthu chimodzi: patapita zaka zoposa zana chiyambire kukumba, anthu akali kufunsana kuti uvewo ngwa yani, pamene ana alikuupuma. Madzi akatayika saoleka.

Mu mgodi womwewo, m'chaka cha 1921, ogwira ntchito anafukula chigaza cha munthu wakalekale, chimene chinatengedwa kunka ku London. Akatswiri achiyesa cha zaka pafupifupi 300,000. Mibadwo yosawerengeka inakhala pa nthaka imeneyo niisiya yotheka kukhalapo ana. Zaka zosakwana zana limodzi zinakwanira kuisandutsa yoopsa.

ZOWIRINGULA ZITATU

Munthu wogwira beseni lake akhoza kuyankha kuti: "Bwaloli ndi langa; ndinaligula, ndipo ndichita nalo monga ndifuna." M'mau awa muli choonadi china, pakuti munthu ali ndi ufulu pakhomo pake. Koma malire a puloti ali pamwamba pokha. Madzi a pansi sadziwa mpanda, ndipo chitsime cha mnansi chimwa m'mtsempha womwewo umene upita kunsi kwa bwalo lake. Ndiponso nthaka ikhalitsa koposa mwini wake. Pamalo pamene lero pali kadzenje ka oilo, mawa wina adzalima repu ndi tomato, ndipo mwana wa mlendo amene adzagula nyumbayo adzakwawa pomwepo. Makolo anadziwa ichi popanda buku. Pamudzi panali lamulo lakuti munthu sachapa zovala kapena kutsuka miphika m'chitsime chakumwa, ndipo sadzithandiza kufupi ndi dooko. Wolakwira lamulolo sanamvedwe ponena kuti anaima pa nthaka ya banja lake.

Wina akhoza kunena kuti: "Malita anga anai ali chiyani poyerekeza ndi phiri lija? Dzikoli linaonongeka kale ndi akuluakulu; nanga bwanji kuvutitsa munthu wamng'ono?" Kunena zoona, beseni limodzi silingafanane ndi mgodi, ndipo mlandu wa wamphamvu uli waukulu koposa wa wofooka. Koma phiri lija silinagwe kumwamba tsiku limodzi. Linaunjikidwa ngolo imodzi imodzi, ndipo pa ngolo ili yonse kunali kotheka kunena kuti imeneyi yokha siisintha kanthu. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Galimoto, maminibasi ndi malole a mumzinda ali ambiri, ndipo ili yonse itulutsa oilo wakuda kawiri kapena katatu pa chaka. Wanzeru wina wa ku Germany, Immanuel Kant, anaphunzitsa m'chaka cha 1785 kuti munthu ayese chochita chake podzifunsa ngati angakondwere kuti chikhale lamulo la anthu onse. Wotaya oilo m'ngalande sangafune kuti onse a kumtunda kwa nyumba yake achite chomwecho. Kotero adzipatula yekha pa lamulo limene afuna kuti ena alisunge. Ndipo kunena kuti malo anaonongeka kale sikupeputsa mlandu, kuukulitsa. Munthu saonjeza mwala pa mtolo wa mnzake chifukwa chakuti mnzakeyo walemedwa kale. Mwana wa ku Makululu amene asenza mtovu m'magazi mwake ndiye woyenera koposa onse kumwa madzi oyera.

Wachitatu akhoza kunena kuti: "Sindinadziwe; ndipo ngakhale ndidziwe, ndipite naye kuti? Imeneyi ndi ntchito ya boma." Kusadziwa kuli kwa mitundu iwiri. Kulipo kusadziwa kwa munthu amene analibe womuuza, ndipo kumeneko sikuwerengedwa mlandu. Kuliponso kusadziwa kwa munthu amene safuna kufunsa, poopa kuti yankho lidzamtayitsa ndalama kapena nthawi. Mbiri ya galimoto yomwe ili ndi chitsanzo chake. M'chaka cha 1921 Thomas Midgley wa ku America anapeza kuti mankhwala ena a mtovu akathiridwa mu petulo, injini ileka kugogoda. Kuopsa kwa mtovu kunadziwika kuyambira kale lomwe, ndipo m'chaka cha 1924 antchito asanu anafa ndi mankhwalawo pa fakitale ina ku New Jersey. Koma injini zinayenda bwino, malonda nakula, ndipo petulo wa mtovu anagulitsidwa pa dziko lonse. Maiko a Africa a kumwera kwa Sahara anamleka pofika chaka cha 2006, ndipo dziko lotsiriza, Algeria, linamleka m'chaka cha 2021. Zaka zonsezo phindu linali la injini, mtengo wake unalipiridwa ndi magazi a ana.

Kunena za boma, lili ndi gawo lake ndithu. Lamulo la Zambia la chaka cha 2011 linakhazikitsa bungwe la ZEMA kuti liyang'anire zotayidwa zoopsa ndi kuletsa kuipitsa madzi, nthaka ndi mpweya. Ndipo nzika zichita bwino kupempha khonsolo yawo kuti pakhale malo odziwika olandira oilo wakale. Koma woyang'anira wa boma sangaime pabwalo lili lonse tsiku Loweruka m'mawa. Kumene diso la lamulo silifika, patsala chikumbumtima cha munthu wogwira beseni.

CHOYENERA KUCHITA

Chimene chifunika sichili chachikulu. Oilo wakale abwezeredwe ndi fanulo m'zigubu zomwe munali watsopano, zitsekedwe bwino, ndi kulembedwa kunja. Asaikidwe konse m'mabotolo a zakumwa, kumene mwana angamuyese chakumwa. Asasakanizidwe ndi petulo, parafini, madzi kapena mafuta a mabuleki, pakuti oilo wosasakanizidwa akhoza kuyengedwanso. Mbali yake yaikulu siitha ntchito, ingoda chabe. Fyuluta yakale ivundikiridwe pa beseni usiku wonse kuti ikhe, niikidwe m'thumba lomanga. Podontha pathiridwe utuchi kapena mchenga, ndipo zimenezo ziwoledwe. Zigubuzo zisungidwe pamthunzi, kutali ndi moto, ndi ana, ndi chitsime, kufikira zitaperekedwa ku galaja kapena kumalo omwetsera mafuta kumene asonkhanitsa oilo wakale m'migolo kuti atengedwe ndi ovomerezeka. Nthawi yabwino yofunsa za malo otere ndiyo pogula oilo watsopano, bawuti lisanamasulidwe. Anansi angapo akhoza kugwirizana kusunga mgolo umodzi. Ndipo ndi nzeru kuchotsa zonse zosungidwa mvula yoyamba isanagwe.

Wopereka galimoto yake kwa makaniko asayese kuti nkhaniyi siimkhudza. Kulipira wina kuti agwire ntchito sikuchotsa funso la kumene uve wapita. Akhoza kufunsa mwaulemu kuti, "Kodi bambo, oilo wakaleyu mumapita naye kuti?" Makaniko wokhulupirika adzamsonyeza mgolo. Amene pansi pa mtengo wake pali nthaka yakuda yonyezimira wayankha kale asanatsegule pakamwa. Ndipo eni galimoto akayamba kusankha amakaniko poyang'ana nthaka imene aimapo, migolo idzachuluka.

Akulu anati walira mvula walira matope. Wofuna ubwino wa galimoto walandira pamodzi ndi uve wake, ndipo uvewo uli wake monga momwe galimoto ili yake. Ichi chili choona pa ntchito zina zonse: pa batire yakale, imene ili yodzala ndi mtovu ndi asidi, pa botolo la mankhwala a m'munda, pa madzi otuluka m'butchala, pa ng'anjo ya kampani yaikulu. Ntchito ili yonse ili ndi chotsala chake, ndipo chiyeso cha wantchito chili chimodzimodzi, kaya ali wamkulu kaya wamng'ono: kusunga chokoma, ndi kukankhira chotsalacho kwa munthu wosadziwika amene ali kumunsi kwa madzi kapena kumene iloza mphepo.

Tsono yankho la funso lija lili lakuti, ntchito siitha pamene boneti yatsekedwa. Itha pamene chigubu chakuda chafika m'manja oyenera. Ulendo umenewo ulibe womuyamika munthu, ndipo galimoto siidzathamanga koposa chifukwa cha iwo. Wopindula ndi mwana wina amene mwini galimoto sadzamdziwa, amene adzamwa madzi a m'chitsime osamva fungo lili lonse, osadziwanso kuti panali wina amene anamganizira. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Ndipo anthu a Kabwe, amene aona ndi maso awo chimene chichitika pamene mbadwo umodzi usiyira unzake uve wake, ali ndi chifukwa chokwanira chakuti chigubu chimenecho achinyamule kufikira kumene chiyenera kupita.